Mafuta a nsatsi, masamu a m'nyumba ya malamulo, ndi khadi la chipani

Nsatsi zimamera zokha kuseri kwa makola ndi m'mabwinja kuno kwathu, kuyambira ku Chipata mpaka ku Petauke, ndipo agogo athu ankayenga mafuta ake n'kumadzola. Ku Italy, m'zaka za 1920 mpaka 1922, mafuta omwewo anali chida cha ndale. Anyamata ovala malaya akuda ankafika pa lole usiku, kugwira mlembi wa bungwe la antchito a m'minda kapena meya wa chipani cha Socialist, kumutsegula pakamwa ndi kumumwetsa mafuta a nsatsi mpaka mimba itadzaza, kenako kumusiya pamsewu kuti adziipitsire anthu akuona. Anyamatawo ankadziwa chomwe akuchita. Munthu wophedwa amamuimbira nyimbo pamaliro, koma wodziipitsira pagulu sabwereranso kudzaima kutsogolo kwa msonkhano.

Lole ija inali ndi mwini wake, ndipo petulo anagula ndi munthu. M'chigwa cha mtsinje wa Po, eni minda ikuluikulu ndiwo ankapereka ndalama ndi magalimoto, chifukwa mabungwe a antchito anali atawakakamiza kukweza malipiro. Apolisi m'madera ambiri ankayang'ana kumbali. Nkhani ya maulamuliro ankhanza timakonda kuifotokoza ngati ya munthu mmodzi wolusa wokhala ndi pakamwa pakuthwa, koma ine ndimaiwerenga ngati mndandanda wa anthu olemekezeka amene anali ndi mphamvu yokana, n'kusaina.

Benito Mussolini anayambitsa gulu lake ku Milan pa 23 Malichi 1919. Dzina loti fascism likuchokera ku mtolo wa timitengo womangidwa pamodzi ndi nkhwangwa, chizindikiro cha ulamuliro ku Rome wakale. Uthenga wake ukumveka ngati wathu uja woti mutu umodzi susenza denga, kungoti kwa iwo kamtengo kofuna kuima pakokha kanali koyenera nkhwangwa. Pa masankho a 1919 gululi silinapeze mpando ngakhale umodzi. Mu 1921 linapeza mipando 35 pa mipando yoposa 500, ndipo linaipeza chifukwa nduna yaikulu Giovanni Giolitti analilowetsa mumgwirizano wake poganiza kuti akawapatsa mipando adzafatsa.

Mu Okutobala 1922, a malaya akuda atayamba ulendo wopita ku Rome, asilikali a boma anali ndi mphamvu zokwanira kuwabweza. Nduna yaikulu Luigi Facta anakonza chikalata chopereka mphamvu kwa asilikali, chinangotsala siginecha ya mfumu Victor Emmanuel III. Mfumu inakana kusaina, m'malo mwake inaitana Mussolini kuti apange boma. Mwini wake anafika ku Rome pa sitima ya usiku kuchokera ku Milan, ndipo anyamata ake anaguba mumzinda bwana wawo atapatsidwa kale mpando.

Wokhala ndi aphungu 35 salamulira nyumba ya malamulo, choncho anasintha masamu. Lamulo la Acerbo la 1923 linati chipani chimene chatsogola pa masankho, bola chikhale ndi mavoti 25 pa 100 alionse, chitenge magawo awiri mwa atatu a mipando yonse. Aphungu a zipani zina anavotera lamuloli okha. Masankho a Epulo 1924 atachitika pakati pa zikwapu, phungu Giacomo Matteotti anaimirira m'nyumba ya malamulo pa 30 Meyi n'kutchula zachinyengo zonse. Pa 10 Juni anagwidwa pamsewu ku Rome ndi kuphedwa. Dziko linagwedezeka, ndipo kwa miyezi ingapo Mussolini anali pangozi yeniyeni. Otsutsa anasankha kutuluka m'nyumba ya malamulo, kudikira kuti mfumu imuchotse. Mfumu sinachite kanthu, ndipo mipando yawo yopanda anthu inangomupeputsira ntchito. Pa 3 Januwale 1925 Mussolini analankhula poyera kuti zonse zili pamutu pake, amene akufuna amuimbe mlandu. Palibe anayerekeza. Pofika kumapeto kwa 1926 zipani zina zonse zinali zitatsekedwa, ndipo mameya osankhidwa ndi anthu analowedwa m'malo ndi anthu oikidwa ndi boma. Mu 1931 aphunzitsi a m'mayunivesite oposa 1,200 anauzidwa kulumbira kuti adzakhala okhulupirika ku boma la Fascist. Okana anali pafupifupi 12.

Masabata asanu ndi awiri a ku Berlin

Ku Germany zinthu zinathamanga koposa, ndipo m'pofunika kuziona tsiku ndi tsiku.

Ambiri amati kugwa kwa ndalama kwa 1923, pamene dola imodzi inafika pa mamaki 4.2 thiriliyoni, ndiko kunabweretsa Adolf Hitler. Kunasiya bala, inde, koma patapita zaka zisanu, mu 1928, chipani cha Nazi chinangopeza mavoti osakwana 3 pa 100 alionse. Chinachikweza ndi ulova wotsatira kugwa kwa chuma cha dziko lonse mu 1929. Pofika 1932 anthu pafupifupi 6 miliyoni analibe ntchito. Mu Julayi chaka chimenecho a Nazi anapeza mavoti 37 pa 100 alionse, koma mu Novembala anatsika kufika pa 33. Chipani chinali chitayamba kubwerera m'mbuyo, ndalama zikutha. Pa masankho aufulu Hitler sanapezepo theka la mavoti.

Chitseko chinali chitatsegulidwa kale ndi ena. Ndime 48 ya malamulo oyendetsera dziko inkalola pulezidenti kupanga malamulo payekha pa nthawi yangozi. Kuyambira 1930, boma la Heinrich Brüning linayamba kugwiritsa ntchito ndimeyi pa nkhani za bajeti ndi misonkho, chifukwa aphungu sankagwirizana. Kwa zaka zitatu anthu anazolowera kuti dziko likhoza kuyenda nyumba ya malamulo ili chete. Pamene pulezidenti Paul von Hindenburg anaika Hitler kukhala mkulu wa boma pa 30 Januwale 1933, anachita zimenezo mwa uphungu wa Franz von Papen, amene ankakhulupirira kuti wamulemba ganyu ndipo adzamuwongolera. M'kabineti munali a Nazi ena awiri okha. Koma taonani mipando yake: Wilhelm Frick anatenga unduna wa za m'dziko, Hermann Göring anatenga apolisi a Prussia, chigawo chachikulu kuposa zonse. Mu Febuluwale Göring analemba anthu pafupifupi 50,000, ambiri mwa iwo anyamata a chipani a SA ndi SS, kukhala apolisi othandizira. Amene dzulo ankamenya anthu mozemba lamulo anapatsidwa kansalu koyera kovala pamkono, n'kukhala lamulo iwo eni.

Usiku wa pa 27 Febuluwale nyumba ya malamulo ya Reichstag inapsa, ndipo mnyamata wa ku Netherlands, Marinus van der Lubbe, anagwidwa m'katimo. M'mawa mwake Hindenburg anasaina lamulo langozi pogwiritsa ntchito ndime 48 ija. Linaimitsa ufulu wolankhula, wa manyuzipepala, wosonkhana, chinsinsi cha makalata ndi matelefoni, ndipo linalola kumanga munthu popanda kumutengera kukhoti. Linalolanso boma lalikulu kulanda maboma a zigawo. Chimene linasowa ndi chinthu chimodzi chaching'ono: tsiku lothera. Linagwira ntchito mpaka 1945.

Pa masankho a 5 Malichi, ngakhale otsutsa ambiri anali m'ndende, a Nazi anapeza mavoti osakwana 44 pa 100 alionse, mipando 288 pa 647. Hitler ankafuna lamulo lopatsa kabineti mphamvu yopanga malamulo popanda aphungu, ngakhale malamulo osemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuti lidutse pankafunika zinthu ziwiri: magawo awiri mwa atatu a aphungu akhalepo, ndipo magawo awiri mwa atatu a opezekawo avomere. Otsutsa akanangokhala kunyumba onse, chiwerengero chikanavuta. Ndiye anachita izi. Aphungu 81 a chipani cha Communist anali atamangidwa kapena kuthawa. Malamulo a zokambirana m'nyumbamo anasinthidwa kuti phungu wojomba popanda chilolezo aziwerengedwa ngati alipo. Chipani cha Akatolika cha Centre, chokhala ndi aphungu oposa 70, chinalonjezedwa kuti sukulu ndi ufulu wa mpingo sizidzakhudzidwa, ndipo mtsogoleri wake Ludwig Kaas anauzidwa kuti kalata yotsimikizira ikubwera. Anavota kalata isanafike, ndipo sinafike konse. Pa 23 Malichi, mu holo ya Kroll yozunguliridwa ndi anyamata a SA, mavoti anali 444 ovomera ndi 94 okana. Okana onse anali a chipani cha Social Democratic, motsogozedwa ndi Otto Wels. Lamulo lonselo linali ndi ndime zisanu zokha, lokwana pa tsamba limodzi, ndipo ankati ndi la zaka zinayi. Analiwonjezera mu 1937, mu 1939, ndi mu 1943.

Zotsatira zinabwera ngati madzi a mumtsinje wa Luangwa mvula ikagwa kumtunda. Ndende ya Dachau inatsegulidwa mu Malichi momwemo. Pa 7 Epulo lamulo linachotsa Ayuda ndi otsutsa pa ntchito za boma, kuphatikizapo oweruza ndi aphunzitsi. Pa 1 Meyi boma linachita chikondwerero chachikulu cha antchito, atsogoleri a mabungwe awo n'kuguba nawo, ndipo pa 2 Meyi maofesi a mabungwewo analandidwa. Pa 14 Julayi kuyambitsa chipani china kunakhala mlandu. Chaka chotsatira, pa 30 Juni 1934, Hitler anapha atsogoleri a SA omwe anamukweza, ndipo kabineti inapanga lamulo la chiganizo chimodzi lonena kuti kuphako kunali kovomerezeka. Hindenburg atamwalira pa 2 Ogasiti, asilikali analumbira kwa Hitler potchula dzina lake. Papen, wolemba ganyu uja, anapulumuka mwamwayi pa 30 Juni, anzake apamtima akuphedwa.

Stalin ku Soviet Union anadzera njira ina, chifukwa kumeneko chipani chimodzi chinalipo kale. Mpando wa mlembi wamkulu womwe anatenga mu 1922 unkaoneka ngati ntchito ya mafayilo, koma ndiwo unkasankha amene akhale mlembi wa chipani m'chigawo chilichonse, ndipo alembiwo ndiwo ankatumiza nthumwi ku msonkhano waukulu. Mu Julayi 1937 apolisi achinsinsi anatulutsa lamulo nambala 00447, lopatsa chigawo chilichonse chiwerengero cha anthu oti awomberedwe ndi oti atumizidwe kundende zachibalo, ngati mmene amagawira matumba a feteleza. Akuluakulu a zigawo ankapempha kuti awawonjezere chiwerengero, poopa kuoneka ofooka. M'zaka za 1937 ndi 1938 anthu pafupifupi 680,000 anawomberedwa.

Kusiyana kwa ulamuliro wa mtundu umenewu ndi wolamulira wankhanza wamba kuli apa. Wamba amafuna kuti mukhale chete ndi kulipira msonkho. Uwu umafuna kuti muimbe, mugube, mulembetse ana anu, ndi kunena za mnansi wanu. Ku Germany munthu wa chipani wotchedwa Blockleiter ankayang'anira mabanja 40 mpaka 60, kutolera zopereka, kuona amene sanakoleke mbendera. Wailesi yotchipa ya mamaki 76 inafalitsidwa kuti mawu a boma afike m'nyumba iliyonse. Apolisi a Gestapo anali ochepa kuposa mmene anthu ankaganizira, ndipo milandu yambiri inkayamba ndi kalata ya mnansi, nthawi zina wongofuna nyumba kapena sitolo ya mnzake.

Zimene zinafika pakhomo pathu

Nkhani zimenezi sizinathere ku Ulaya. Mussolini analowa mu Ethiopia mu Okutobala 1935 n'kuthira mpweya wa poizoni pa anthu. Mu Ogasiti 1940 asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenyana ndi gulu la Italy pa Tug Argan, ku British Somaliland. Ndipo kuno, Chipata akutchedwa Fort Jameson, kunali msasa wa othawa kwawo a ku Poland pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Ndinene mosapita m'mbali kuti Kenneth Kaunda sanali Hitler, ndipo Zambia ya chipani chimodzi sinali dziko la fascism. Panalibe ndende zophera mtundu wa anthu, aphungu ankapikisana m'kati mwa UNIP ndipo nduna zina zinkagwa pa masankho. Wofanizira ziwirizi mwachisawawa akunyoza anthu 6 miliyoni Achiyuda amene anaphedwa. Koma zida zamalamulo zotsekera otsutsa n'zofanana padziko lonse, ndipo tikazidziwa pa zochitika zathu sitivutika kuzizindikira.

Lamulo langozi linalengezedwa mu Julayi 1964, ufulu usanabwere, chifukwa cha nkhondo ya mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ku Chinsali, yomwe inafikanso ku Lundazi mu Ogasiti. Chifukwa chake chinali chenicheni, anthu ankafa. Nkhondoyo inatha, lamulolo linatsala, ndipo pansi pake munthu ankatha kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mu Juni 1969 anthu anavota pa referendamu yochotsa lamulo loti ndime zikuluzikulu za malamulo oyendetsera dziko zisasinthidwe popanda referendamu. Chifukwa chomwe chinaperekedwa chinali chokoma, kulanda ufulu wa migodi m'manja mwa makampani akunja. Zotsatira zake, kuyambira pamenepo magawo awiri mwa atatu a aphungu anali okwanira kusintha chilichonse. Simon Kapwepwe atayambitsa UPP mu 1971, chipanicho chinatsekedwa mu Febuluwale 1972, iye ndi anzake oposa 100 n'kutsekeredwa. Komiti ya Mainza Chona inazungulira dziko kufunsa anthu mmene boma la chipani chimodzi likhalire. Funso loti kodi mukulifuna silinali pa pepala lake. Harry Nkumbula anapita kukhoti n'kuluza, ndipo mu Disembala 1972 lamulo linasainidwa. Achikulire akukumbukira masankho a pulezidenti a inde kapena ayi, pamene wotsutsana ndi Kaunda pa pepala lovotera anali chule.

Kutsidya kwa Mwami zinthu zinafika patali kwambiri, ndipo kumeneko ndiko kuli chitsanzo chapafupi cha boma lofuna kulowa m'moyo wa munthu aliyense. Malawi inakhala ya chipani chimodzi mu 1966, ndipo mu 1971 Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Chida chachikulu chinali kakhadi ka pepala. Ayufi ndi a Payoniya ankaima pa chipata cha msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi la chipani cha MCP. Khadilo linkagwira ntchito zitatu nthawi imodzi: linkabweretsa ndalama kuchipani, linkapatsa mnyamata wosaphunzira mphamvu pa mphunzitsi ndi m'busa, ndipo linkaonetsa poyera amene wakana. A Mboni za Yehova, amene chikhulupiriro chawo sichilola kugula khadi la chipani, analetsedwa mu 1967. Mu 1972 anachotsedwa ntchito, nyumba zawo kutenthedwa, ndipo zikwizikwi anawoloka malire kudzakhala pa msasa wa Sinda Misale kuno kum'mawa, kumene ambiri, makamaka ana, anafa ndi matenda. Ku Germany a Mboni omwewo ankavekedwa kansalu kofiirira m'ndende chifukwa chokana sawatcha ya Hitler.

Tikamaona makada a chipani chilichonse akutolera ndalama pa siteshoni ya basi kapena kugawa malo pamsika, funso lothandiza ndi lija la lole ya ku Po: akuwalipira ndani, ndipo wapolisi amene waima pafupi akuyang'ana kuti? Mnyamata wa chibakera payekha ndi nkhani ya kupolisi. Zimasintha tsiku lomwe wapolisi wayamba kuopa kumugwira. Pa mapepala, ine ndimayang'ana zinthu zochepa. Lamulo langozi lili ndi tsiku lothera, ndipo kuliwonjezera kukufuna voti ya aphungu? Bilu yosintha kawerengedwe ka mipando ikupindulira amene waibweretsa pa masankho akubwerawa? Oweruza ndi akuluakulu a apolisi akuchotsedwa ndani, pa chifukwa chanji? Lumbiro likutchula malamulo a dziko kapena dzina la munthu? Mafunso awa ndi ozizira, sakoma pa msonkhano wa ndale, koma Matteotti, Wels ndi Nkumbula onse anagonjera pa mfundo zoterezi.

Kutuluka kwake kunasiyananso. Mussolini anachotsedwa mu Julayi 1943 ndi khonsolo ya chipani chake chomwe ndi mfumu yomwe ija, dziko likugonja pankhondo. Germany inafunika kugumulidwa ndi mabomba. Ku Malawi kunali kalata ya mabishopu ya pa 8 Malichi 1992, referendamu ya pa 14 Juni 1993, ndi asilikali kulanda zida a Payoniya mu Disembala chaka chomwecho. Kuno, mtengo wa ufa utakwera mu Juni 1990 ndipo anthu atachita zipolowe ku Lusaka, Kaunda anasaina kuchotsa ndime 4 ya malamulo oyendetsera dziko, yoletsa zipani zina, mu Disembala, n'kuluza kwa Frederick Chiluba pa 31 Okutobala 1991, n'kuchoka mwamtendere. UNIP inatsala ndi mipando 25 pa 150, ndipo 19 mwa imeneyo inali yathu ya kum'mawa, yonse. Choncho pano nkhaniyi imafuna kuilankhula mwaulemu, chifukwa amene anavotera tambala wakuda kutsidya ndi muuni wa UNIP kuno ndi makolo athu, ndipo anali ndi zifukwa zawo.

Lamulo langozi la 1964 linatha mu Novembala 1991, patapita zaka 27. Malamulo otsekera munthu popanda mlandu sanafufutidwe m'mabuku, anangogona. Asilikali ena atayesa kulanda boma mu Okutobala 1997, boma la MMD linalengezanso nthawi yangozi, ndipo pa 25 Disembala, tsiku la Khirisimasi, apolisi anazungulira nyumba ya Kaunda ku Lusaka n'kumutenga pa mphamvu ya malamulo omwewo.